Bambo Anakhala Kumbuyo kwa Kalasi

4 Malichi

Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino nonse, inu, alamu ndi ana. Nanga Bambo, miyendo ija ikuwalola kuyenda? Ine kuno ndilipo, kungoti mutu sukugwira.

Ndalemba kalata dala. Foni ya kwanuko ikangolira Bambo ndiwo amathamangira kuyankha, kenako amaiika pa sipika kuti ndi oyandikana nawo nyumba omwe amve. Nkhani iyi ndikufuna ithere kwa inu.

Ndapemphanso kuti andikweze pa ntchito. Aka nkachitatu. Zaka khumi ndi chimodzi ndakhala ndikuphunzitsa sayansi ya nthaka pa yunivesite ino, koma ndidakali pa mpando womwe ndinayambira, pamene ana amene ndinawaphunzitsa ine ndemwe kutsuka mabotolo mu labu lero akundipatsa moni ali m'maofesi a makatani. Lamulo lake nlakuti ukakanidwa kachitatu umadikira zaka zitatu usanapemphenso. Zaka zitatu, achemwali, pa msinkhu wanga uno.

Za kafukufuku ndi zolembalemba akuti ndakwanitsa. Chatsala nkaphunzitsidwe. Komiti yokweza anthu imayang'ana zinthu zitatu: mafomu amene ophunzira amadzaza onena mmene ndimaphunzitsira, fayilo ya zonse zimene ndaphunzitsa, ndi lipoti la munthu mmodzi wa m'komitimo amene amabwera kudzakhala m'kalasi nkumaonerera. Tsiku sanena, munthu wakenso samutchula. Angoti abwera sabata yachitatu ya mwezi uno. Za mafomu a ophunzirawo musandifunse. Chaka chatha wina analemba kuti ndimavala nsapato zomwezomwezo tsiku ndi tsiku, wina kuti mayeso anga amatsegula m'mimba. Zonsezo anazisandutsa manambala, manambalawo nkundigwetsa.

Chimene ndikupempha ndi ichi. M'sutikesi ya malemu Amayi, pansi pa nsalu zija, muli setifiketi ya kosi ya uphunzitsi imene ndinachita ndisanabwere kuno. Akuifuna mu fayilo. Muiike mu envelopu yolimba, muwapatse alamu akamabwera ndi lole.

Koma ndagwira mwendo wanu, Bambo asamve. Munthu anayendera masukulu zaka makumi atatu, akangomva kuti kwinakwake kuli kalasi yoti iyenderedwe, tulo timawathawa. Ndidzawauza ndekha zinthu zikatheka.

Ndine mng'ono wanu,
Mzime

10 Malichi

Mzime,

Tonse tili bwino, ana akupereka moni. Bambo miyendo yachira mwadzidzidzi, ndipo chimene chawachiritsa ndi kalata yako.

Inafika ine ndili ku shopu, ndikulimbana ndi mayunifolomu a sukulu ya mkaka. Alamu ako anangoisiya pa tebulo, ndipo ukudziwa amene amakhala pa tebulo limenelo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Anaitsegula ndi mpeni bwinobwino, anaiwerenga, nkuibwezera mu envelopu. Nditawafunsa anati kalata yolowa m'nyumba mwawo ndi yawo. Pamene unalemba kuti "Bambo asamve" anadula mzere kunsi kwake ndi pensulo yofiira.

Setifiketi aipeza okha. Akuti pepala ngati limenelo silikwera lole pamodzi ndi matumba a simenti, abwera nalo okha pa basi. Akutinso magalasi awo atha mphamvu, akufuna akapimitse maso m'tauni. Magalasi omwewo dzulo anawerengera tizilembo ta pa botolo la mankhwala ali chapatali.

Andiuza kuti ndiwakulitsire thalauza la suti yotuwa ija. Nsapato apolisha kawiri. M'mawa uno ndawapeza akufukula m'kabati, akufuna kabolodi kawo kopanira mapepala kaja, kamene ankayenda nako m'masukulu. Ndinati, "Bambo, kopimitsa maso amapita ndi kabolodi?" Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi nkunena kuti, "Iwe soka zovala."

Ndiye ndasoka. Afika Lolemba likudzali ndi basi ya masana. Ukawachingamire, ndipo ngati nkotheka uwatsekere m'nyumba.

Ndine mkulu wako

22 Malichi

Achemwali,

Moni sindipereka wambiri, mundikhululukire. Bambo ndawakweza basi m'mawa uno ali bwinobwino, athanzi kuposa ine. Magalasi sanagule.

Anafika Lolemba monga munanenera. Lachiwiri m'mawa ndinawajambulira mapu a kwa dokotala wa maso, ndinawaonetsa pokwerera minibasi, ine nkupita ku ntchito. Kalasi yanga ya Lachiwiri ndi ya ana a chaka choyamba, mazana atatu, m'holo yaikulu ya mipando yokwera ngati masitepe. Masiku onse phokoso lawo umalimva udakali panja. Tsiku limenelo ndinalowa muli zii. Mafoni abisa, makope atsegula, ndi anyamata a pakona amene amabwera kudzagona anakhala tsonga. Ndinayamba kuganiza kuti mwina kwagwa maliro.

Kukweza maso, mzere womaliza kumwamba, ndi awo Bambo. Suti yotuwa, tayi, kabolodi pa bondo, wotchi avula aika pa desiki. Ana anali atauzana kale kuti munthu wa komiti uja wafika.

Mukanakhala inu mukanatani? Ndiwathamangitse bambo anga ana mazana atatu akuona? Ndinangoyamba kuphunzitsa. Maola awiri athunthu pensulo yawo sinapume. Ana nawo, pofuna kundithandiza, anaonjeza. Ankagwedeza mitu ndisanamalize kulankhula, ankaseka ndi pamene sindinanene choseketsa. Nthawi itakwana Bambo anavala wotchi yawo nkutuluka, kundidutsa osandipatsa ndi moni womwe. Madzulo nditawakalipira anati anasochera.

Lachinayi ndiye kunabwera munthu weniweni wa komiti. Ndi mmodzi mwa aja ndinawaphunzitsa ine zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo, pano ali ndi udindo wake, koma amavalabe jinzi ndi kachikwama kumsana. Ana anali atamva kuti kuyendera kunatha Lachiwiri, ndiye anaona kuti ntchito yawo anagwira kale. Anabwera osakwana zana. Obwerawo ena ankadya, ena ankagona, ndipo mtsikana wina anamugwedeza munthu wa komitiyo kuti asunthe akumutchinga. Anakhala mphindi khumi ndi ziwiri, foni yake inalira, anatuluka osabweranso.

Ndinkati zathera pomwepo. Dzulo mayi sekilitale wa dipatimenti yathu anandiimitsa pa khonde akumwetulira. Akuti, "Malipoti anu onse awiri afika, ndadinda, fayilo yapita ku komiti." Ndinati awiri ati? Akuti lina linabwera ndi apulofesa achikulire aja a suti yotuwa, aulemu kwambiri, mpaka anawapangira tiyi. Anangofunsa kuti malipoti a oyendera makalasi amapereka kuti, mayiwo nkutambasula manja onse awiri. Poti ine kuno ndimadziwika ndi dzina la amuna anga, palibe chimene anakayikira.

Ndinawafunsa Bambo kuti analembamo chiyani. Anati lipoti ndi chinsinsi cha ofesi. Afunseni inu, achemwali, mwina inu akuuzani. Ine ndikangowaganizira mtima ukuwira.

Mzime

29 Malichi

Mwana wanga,

Ndinayenda bwino, ndipo ndathokoza chifukwa cha chisamaliro chimene ndinalandira pakhomo pako. Ndikhulupirira adzukulu anga ndi bambo awo ali bwino.

Mkulu wako akuti wakwiya. Sindikuona chifukwa chake. Palibe amene anandiletsa pa chipata, chitseko cha holo chinali chotsegula, ndipo ndinakhala pamalo pamene woyendera sukulu amayenera kukhala. Munthu amene waonerera phunziro maola awiri nkuchoka osalemba kanthu wangodya nthawi ya ana. Ine sindinachitepo zimenezo pa ntchito yanga yonse, ndipo sindikanayambira pa iwe.

Poti ukufuna kudziwa, ndinasunga kope la kaboni. Lipotilo ndi la masamba anayi, koma mitu yake ndi iyi.

Mphunzitsi anafika pa nthawi yake. Phunziro lake amalidziwa, pamenepo palibe chokayikitsa. Koma pa mphindi zana limodzi ndi makumi awiri, makumi asanu anathera akulankhula ndi bolodi, ana atawapatsa msana. Akatembenuka choncho mawu ake amathera pa mzere wa khumi. Ife a mizere isanu ya kumbuyo tinkangoona dzanja likuyenda, ndipo maikolofoni ili gone pa tebulo, ana akuti inafa chaka chatha. Anafunsa kuti "Tamvana?" kakhumi ndi kanayi, osadikira yankho ndi kamodzi komwe. Mtsikana wina wa juzi yobiriwira amene ndinakhala naye pafupi anakweza dzanja kanayi, kenako anangolipisa m'thumba. Palibe mwana amene anatchulidwa dzina. Ndipo phunziro lonse linali la nthaka, koma m'chipindamo munalibe dothi ngakhale lodzaza supuni, pamene panja pa chitseko lili mbwee.

Ndinapereka malikisi asanu ndi limodzi pa khumi. Usawaone kuchepa. Pa zaka makumi atatu amene anapezapo asanu ndi awiri kwa ine ndi anthu atatu okha, ndipo mmodzi mwa iwo ndinadzazindikira pambuyo pake kuti ndinamukomera mtima.

Sindinalembe kuti ndiwe mwana wanga chifukwa sizikukhudzana ndi kaphunzitsidwe. Akuluakulu ako akaliwerenga aona kuti uli ndi maziko abwino ndipo ukhoza kukonzeka. Ukadzakwezedwa udzandithokoza.

Ndine bambo ako

7 Epulo

Achemwali,

Muli bwanji kumeneko? Alamu anachira chifuwa chija? Kalata ya Bambo ndalandira. Ndinaiwerenga kamodzi nkuiponya pamwamba pa firiji, ili pomwepo mpaka lero.

Zaululika. A komiti atatsegula fayilo anapeza malipoti awiri pamene pamayenera kukhala limodzi, anafufuza, ndipo Lachisanu wapampando wa komiti anandiitana. Ndi bambo wofatsa, pulofesa wa masamu, wakhala akundifunira zabwino kuyambira kale. Anati poyamba ena ankanena kuti ndinachita kubweretsa m'bale wanga kuti andikometsere fayilo, mlandu woti munthu nkuchotsedwa nawo ntchito. Koma atawerenga lipotilo anaseka mpaka kupukuta misozi. Akuti palibe munthu angabere mayeso nkudzipatsa asanu ndi limodzi.

Wa jinzi uja anandipatsa asanu ndi anayi. Lipoti lake ndi mizere isanu, ndipo mzere umodzi akuyamikira kuti ndimagwiritsa ntchito bwino pulojekita. M'holo imene ija mulibe pulojekita. Mafomu a ophunzira chaka chino akuti ali bwinoko, ngakhale wina walemba kuti agogo a komiti aja azibwera sabata iliyonse, poti ndi tsiku lokhalo limene m'kalasi munalibe phokoso.

Ndiye vuto lili apa. Pepala likadindidwa nkulowa mu fayilo silituluka popanda chifukwa cholembedwa. Komanso anthu awiri a m'komitimo aliwerenga la Bambo, ndipo akuti kaya analemba ndani, ndi lokhalo limene likuoneka kuti mwini wake analidi m'kalasimo. Akufuna ndidzayankhe mfundo imodziimodzi pa msonkhano wa pa 24 mwezi uno. Ndikavomera kuti nzoona, kukwezedwa kwalowa m'madzi.

Wapampando wandionetsa njira. Akuti pakhale kalata yonena kuti Bambo ndi munthu wokalamba, mutu wawo suyenda bwino masiku ano, anangolowa m'holomo mosadziwa chimene akuchita. Ikapezeka kalata yotero lipoti lawo alichotsa ngati pepala lolowa molakwika, palibenso wondifunsa kanthu, litsala la asanu ndi anayi. Akuti ndikhoza kusaina ine, koma ingakhale yamphamvu kwambiri atalemba mwini wake.

Choncho auzeni alembe. Mizere itatu yokha basi. Anakwanitsa masamba anayi ondigwetsa, mizere itatu yondidzutsa siingawavute. Asayambe za chilungamo, zandikwana. Chilungamo chawocho akhala akutidyetsa kuyambira tili ana, mpaka makope anga a ku pulayimale ankawachonganso aphunzitsi atachonga kale, nkundichotsera malikisi.

Ifike tsikulo lisanakwane, chonde.

Mzime

14 Epulo

Mzime,

Tili bwino, alamu ako anachira, kungoti m'nyumba muno anthu tikuyenda monyang'ama.

Kalata yako ndinawawerengera ndekha, yonse, osadumpha ndi za makope zomwe. Anapinda magalasi nkukakhala pa khonde mpaka chakudya chinazizira. Kuyambira tsiku limenelo akumalemba nkung'amba, kulemba nkung'amba, ndipo mapepala anga ojambulira masitayilo a madiresi atha.

Iwe ndi iwo ndinu amodzi, ndicho chimene chimanditopetsa. Nonse mukaganiza kuti mukulondola simumva za munthu. Analakwa, inde, ndawauza pamaso kuti analowerera za eni. Koma pali zinthu ziwiri zimene sukudziwa.

Atabwerako kwanuko sabata yonse nkhani inali iwe. Anawakhazika pansi alamu ako nkuwafotokozera chifukwa chake dothi lina ndi lofiira lina lakuda, mmene unafotokozera iwe, mpaka kujambula pansi ndi kamtengo, munthu atatopa ndi ulendo. Aliyense wobwera kudzayesa zovala ku shopu anamva kuti mwana wawo amaimirira pamaso pa anthu mazana atatu osagwira pepala. Ndinawafunsa kuti nanga bwanji zimenezo simunalembe mu lipoti. Anati woyendera sukulu sayamikira mwana wake pa pepala la ntchito.

Chachiwiri ndinkakubisira dala, poti uli ndi zako zokuvuta. Kuyambira chaka chatha Bambo akumaiwaladi. Kawiri asiya ketulo pamoto mpaka kupserera. Mwezi wa Febuluwale anamuyang'ana mwana wanga wamkulu nkundifunsa chapansipansi kuti dzina lake ndani. Tsiku lina anapita kukagula buledi nkuima pa mphambano osadziwa kolowera, anawabweretsa ndi mayi wogulitsa makala. Iwo akudziwa, ndipo akuopa kwambiri. Anandilumbiritsa kuti ndisauze munthu. Atabwerako kwanuko anandiuza tili awiri kuti tsiku limene anakhala m'kalasi mwako mutu wawo unagwira ntchito ngati kale, sanaphonye kanthu.

Ndiye mizere itatu ukuiphweketsayo ndi imeneyo. Sindikuti usakwezedwe. Zaka khumi ndi chimodzi si masewera, ndipo ine ndemwe ndatopa kuyankha anthu ofunsa kuti mng'ono wako uja adakali pomwe paja. Ndangoti udziwe chimene wapempha.

Iyi ndaitumiza pa positi. Alamu ako anyamuka Lachisanu, ndipo Bambo akalemba yawoyo ibwera ndi iwo.

Ndine mkulu wako

17 Epulo

Mwana wanga,

Moni. Kalata ili m'munsiyi ukapereke kwa wapampando. Ndasaina. Ngati pali mawu ofunika kusintha usinthe, ine ndivomereza.

Kwa Wapampando wa Komiti,

Ine amene ndinalemba lipoti la pa 18 Malichi ndikupempha kuti lichotsedwe mu fayilo. Ndine bambo wake wa mphunzitsiyo, ndipo ndili ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza zisanu ndi zitatu. Mutu wanga suyenda bwino masiku ano. Ndimaiwala maina a adzukulu anga ndi njira ya kunyumba kwanga. Tsiku limenelo ndinalowa m'holo mosadziwa chimene ndikuchita, ndipo zimene ndinalemba musazitenge ngati za munthu wanzeru zake. Mwana wanga sanandipemphe kuti ndibwere. Pepani chifukwa chokutayitsani nthawi.

Mwana wanga, mizere yapitirira itatu. Ndinayesa kufupikitsa koma zinakanika.

Ndine bambo ako

29 Epulo

Bambo,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino. Ife kuno tilipo, adzukulu anu akupereka moni.

Kalata yanu yafika dzulo. Lole ya alamu inathyoka chitsulo cha kumatayala panjira, anakhala sabata yathunthu ndi masiku pa galaja akudikira china, envelopu ili m'thumba la jekete. Msonkhano unachitika Lachinayi lapitali popanda kalatayo. Ya achemwali yokha ndiyo inali itafika kale, ndipo musawakalipire, anachita bwino kundiuza. Ndikufotokozerani mmene zinayendera, poti mumakonda malipoti.

Anali anthu asanu ndi awiri kuzungulira tebulo, ine kumapeto ngati wopalamula. Wapampando anali atandilembera kale kalata ija pa kompyuta, yongofuna dzina langa pansi. Anaisuntha pang'onopang'ono mpaka inafika pamaso panga, cholembera pamwamba. Musaganize kuti sindinachigwire. Ndinachigwira, ndinachotsa ndi chivindikiro chomwe. Ndinali nditawerengera kale kuti zaka zitatu zikamatha ndidzakhala ndi zaka zingati, ndiponso ndi angati mwa ana ndinawaphunzitsa adzakhale atandidutsa.

Koma pa pepalapo panali mawu oti "sankadziwa chimene akuchita", ndipo ine ndinali nditachita chinthu chopusa Lolemba lake. Ndinapita m'holo muja mulibe anthu, ndinakwera kukakhala pa mpando munakhala inu, nkumupempha mnzanga kuti alankhule atayang'ana ku bolodi. Bambo, kumeneko sikumveka kanthu. Zaka khumi ndi chimodzi ana a mizere imeneyo akhala akulemba mayeso anga atangoona msana wanga, ine nkumati amalephera chifukwa cha ulesi. Anthu a komiti abwera katatu m'kalasi mwanga pa zaka zimenezi, ndipo onse amakhala kutsogolo, pafupi ndi chitseko.

Ndinabweza pepalalo. Mayi wina wa m'komitimo, pulofesa wa zomera amene saseka ndi munthu, anatenga lipoti lanu nkuyamba kuwerenga mfundo imodziimodzi, akumandifunsa kuti, "Izi nzoona?" Ndinayankha inde pa iliyonse. Wapampando anagwira mutu. Munthu wawo uja anadzandiyendera mphindi khumi ndi ziwiri ankangoyang'ana pa tebulo.

Sanandikweze. Akuti ndikonze kaphunzitsidwe ndipo ndidzapemphenso pakatha zaka zitatu. Ndinakalirira m'chimbudzi cha ku ofesi, ndipo sindikuchita manyazi kukuuzani. Mwandipweteka, Bambo. Munabwera osaitanidwa, munalowa pa ntchito panga ngati ndi sukulu ya pulayimale, ndipo mwandidyera zaka zitatu. Kuti munalemba zoona sikukufufuta chimodzi mwa zimenezi.

M'mawa uno ndinakumana ndi wapampando pa masitepe. Akuti mwayi udakalipo, ndili ndi masiku khumi ndi anayi ochita apilo, ndipo kalata yochokera kwa inu mwini ikhoza kutembenuza zonse. Anandifunsa ngati yafika. Inali m'chikwama changa, m'khwapa mwangamu. Ndinati sinafike.

Ndaiwerenga katatu. Za adzukulu ndi za njira mwalemba zoona, ndipo tikambirana ndikabwera mwezi wamawa, tipite limodzi kwa dokotala. Koma zoti tsiku lija simunkadziwa chimene mukuchita ndi bodza, ndipo ndi bodza loyamba limene mwasainapo dzina lanu. Ndaing'amba. Musalembe ina, ndikukudziwani.

Ndakwiya nanu, ndipo ndikhala wokwiya kwa nthawi ndithu, musandifulumizitse. Koma mu fayilo yanga lipoti lanu likhala momwe munalilembera, dzina lanu lili pansi pake. Ndi lokhalo mmenemo limene linalembedwa ndi munthu wodziwa ntchito yake.

Ndine mwana wanu,
Mzime